Mwana waluso pa orienteering: akulire mu kalabu, mu timu yosankhidwa, kusukulu yamasewero, kapena athamange kaye?

Pa mpikisano wothamanga wamba, mwana waluso sabisika: amasiya anzake kumbuyo aliyense akuona. Pa orienteering luso limabisala m'nkhalango. Wothamanga amalandira mapu pa nthawi yonyamuka, kampasi ili pachala, ndipo ayenera kupeza yekha mbendera zonse motsatira manambala ake popanda womulozera njira. Mwana wopepuka miyendo angathe kutaya mphindi zisanu pa mbendera imodzi chifukwa watsikira m'khwawa lofanana ndi limene amalifuna, mnzake wa liwiro lachikatikati n'kumupitirira osaonana n'komwe. Akulu anati kuthamanga si kufika, ndipo masewero awa amatsimikizira mawuwo pa mpikisano uliwonse.

Choncho kholo kapena kochi amene ali ndi mwana wa zaka 12 kapena 14 yemwe wayamba kupambana ali ndi ntchito ziwiri zosayendera limodzi. Miyendo ndi mapapo zimakula paliponse, ngakhale pamsewu. Koma kuwerenga mapu uku ukuthamanga kumakula pamalo achilendo pokha, pamene mwana sangadalire kukumbukira, ndipo kumakula msanga ngati pali wina wokhala naye pansi pambuyo pake n'kumufunsa kuti, "Apa umaganiza chiyani?" Njira zonse zimene ndiziyerekeze pano ndikuziyesa ndi muyeso umenewu: mwanayo akusankha yekha kolowera kangati pamalo amene sakuwadziwa, nanga ndani akuunika naye zimene wasankhazo?

Pali muyeso wachiwiri umene anthu amauiwala mendulo zikayamba kubwera. Unyamata pa masewerowa umathera pa zaka 20, omwe ndi malire a mpikisano wa achinyamata wa dziko lonse, JWOC, umene unayamba mu 1990 ku Älvsbyn m'dziko la Sweden. Koma akatswiri amakhwima mochedwa ndipo amakhalitsa. Thierry Gueorgiou wa ku France anapata golide wake woyamba wa dziko lonse mu 2003, womaliza mu 2017 ali ndi zaka 38. Simone Niggli wa ku Switzerland, mwini wa mendulo za golide 23, ankapambanabe mu 2013 ali ndi zaka 35. Njira imene imatulutsa katswiri wa zaka 16 yemwe pofika zaka 21 wasiyiratu masewero yalephera, ngakhale kabati itadzaza ndi zikho.

Kalabu ya kwawo

Ku Norway ndi ku Sweden, kumene masewerowa anabadwira cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, kalabu ndiye maziko a chilichonse, ndipo ine ndikuona kuti asanakwane zaka 15 mwana alibe malo ena oposa awa. Chifukwa chake ndi makwerero. Ku Sweden njira za mpikisano zimagawidwa ndi mitundu, kuyambira yobiriwira ndi yoyera, kudutsa yachikasu, ya orenji ndi yofiira, mpaka yakuda imene ndi yovutitsitsa. Ku Britain ali ndi mitundu yawoyawo ndi magiredi asanu a kuvuta kwa njira. Maganizo ake ndi amodzi. Woyamba kumene amatsata tinjira basi, mbendera ili pamphambano. Kenako amaphunzira kutsata zinthu zina zazitali monga mtsinje, mpanda, kapena malire a nkhalango ndi dambo. Akazolowera amayamba kusiya kanjira n'kudulira pathengo kamtunda kochepa ndi kampasi. Pambuyo pake amaphunzira kusankha chinthu chachikulu chosaphonyeka pafupi ndi mbendera, kaya chimwala kaya pokumana timitsinje, n'kuchepetsa liwiro pamenepo kuti alowe mosamala. Chomaliza, chimenenso chimatenga zaka, ndi mizere ya bulawuni ya pa mapu yosonyeza kukwera ndi kutsika kwa nthaka: kuyang'ana papepala n'kuona kaphiri, kachigwa ndi kamtsetse m'maganizo usanafikepo.

Mwana waluso ali pachiopsezo chachikulu pa makwererowa kuposa mwana wamba, chifukwa aliyense amafuna kumudumphitsa. Wapambana njira yachikasu kawiri, ndiye akuti apite kwa akuluakulu. Zotsatira zake n'zodziwika: popeza mapu amukulira, amaphunzira kuthamangira dera limene akuganiza kuti kuli mbendera n'kuyamba kusakasaka, kapena kutsata misana ya anthu ena. Nthawi zina amapambana ndithu mwa njira imeneyi, ndipo kupambana kotero n'kumene kumaika chizolowezi choipa m'magazi. Kuchichotsa pa zaka 17 n'kovuta kuposa kuphunzitsa woyamba kumene.

Chimene kalabu yabwino ili nacho, chomwe njira zinazi zimavutika kupereka, ndi munthu amene amamuona mwana sabata ndi sabata kwa zaka zambiri. Kochi wotere amathamanga pambuyo pa mwana m'nkhalango ali duu, osamuthandiza ngakhale akuona kuti akulowera kolakwika, mpaka mwanayo atapeza mbendera kapena atasocheratu. Ndi ntchito yotopetsa, ndipo munthu mmodzi sangatsate ana awiri nthawi imodzi. Koma apa m'pamene pamaoneka zimene kapepala ka zotsatira sikangaonetse: kuti mwana amachoka pa mbendera asanasankhe kopita, kuti chala chake chachikulu sichiyenda pa mapu pamene iye akuyenda, kuti akakhota amaiwala kutembenuza mapu, kuti akangoona munthu wina maso amachoka papepala. Mukapeza kalabu imene ili ndi munthu wochita zimenezi, musafulumire kumuchotsako mwana chifukwa kwina kuli yunifomu yokongola.

Kalabu ilinso ndi mipikisano yopatsirana, ndipo musaichepetse. Tiomila ku Sweden inayamba mu 1945, Jukola ku Finland mu 1949. Pa Jukola matimu a anthu asanu ndi awiri amathamanga kuyambira usiku mpaka kutacha, nyali zili pachipumi, ndipo azimayi ali ndi wawo wa Venla wa anthu anayi. Mnyamata wa zaka 17 amene zake sizikuyenda chaka chino amabwerabe ku pulakatisi chifukwa timu ikumudalira pa chigawo chachitatu. Pa masewero amene munthu amakhala yekhayekha m'thengo, chingwe chotere chimasunga achinyamata ambiri amene akanagwa mphwayi. A ku Norway anapita patali: malamulo awo a masewero a ana saloleza ndandanda wa opambana mwana asanalowe chaka chimene akukwanitsa zaka 11, ndipo mipikisano ya dziko imayamba pa zaka 13. Dziko lomwelo silisowa akatswiri.

Zofooka za kalabu zilipo ziwiri zikuluzikulu. Choyamba, mapu amatha. Kalabu ya mapu asanu imaphunzitsa bwino zaka ziwiri kapena zitatu, kenako mwana amadziwa mwala uliwonse ndipo akuthamanga ndi kukumbukira, mapu angogwira m'manja. Makochi anzeru amatalikitsa moyo wa mapu akale: amasindikiza mizere ya bulawuni yokhayokha tinjira atafufuta, amaphimba mapu onse n'kusiya kampata kopapatiza koti mwana adutsemo, amathamangitsa ana usiku, kapena amawauza kuti aloweze chigawo pamtima n'kusiya mapu pa mbendera. Zonsezi n'zothandiza, koma sizisandutsa nkhalango yakale kukhala yatsopano. Chachiwiri, mwana waluso mu kalabu yaing'ono amakhala wopanda womufinya. Amapambana ngakhale atalakwitsa kwa mphindi zitatu, ndiye kulakwitsako sakuona ngati vuto.

Timu yosankhidwa ndi makampu

Matenda awiri amenewa mankhwala ake ndi njira yachiwiri. Mabungwe ambiri a masewerowa amasankha ana ochita bwino n'kuwaika m'matimu a chigawo kapena a dziko. Ku Britain zigawo zili ndi matimu a achinyamata, ndipo a zaka 14 osankhidwa amapita ku kampu ku Lagganlia m'dziko la Scotland. Pamwamba pake pali mpikisano wa ku Ulaya wa EYOC wa magulu a zaka 16 ndi 18, kenako JWOC.

Pa muyeso wanga woyamba uja, sabata imodzi ya kampu yabwino imaposa miyezi ingapo ya kunyumba. Mwana amathamanga kawiri patsiku pa mapu amene sanawaonepo, madzulo n'kukhala pansi ndi anzake a msinkhu wake kuyerekeza njira zimene aliyense anadutsa. Ndipo malo amasiyana kwambiri kuposa mmene wongoonerera angaganizire. M'nkhalango za ku Scandinavia, monga ku Norway ndi ku Sweden, zodzaza timiyala, timadambo ndi timapiri ting'onoting'ono, kawirikawiri njira yolunjika ndiyo yachangu, bola usataye malo pa mapu. Pakati pa Ulaya pali mapiri akuluakulu, zigwa zakuya ndi tinjira tambirimbiri, moti mpikisano umapambanidwa posankha kuzungulira kapena kukwera. Ku Czech Republic kuli matanthwe ataliatali okhala ndi timipata pakati, ku Slovenia kuli maenje a m'nthaka ya miyala ya laimu amene pa mapu amaoneka ngati timapiri kwa wosazolowera. Katswiri wa mtundu umodzi wa malo amasanduka mwana wa giredi yoyamba pa mtundu wina, ndipo ndi bwino kuti manyazi amenewa awaone pa zaka 15 ku kampu osati pa zaka 19 ku JWOC.

Vuto langa ndi njira iyi lili pa kasankhidwe. Magulu a mpikisano amatengera chaka chobadwa, ndiye wobadwa mu January amapikisana ndi wobadwa mu December chaka chomwecho. Pa zaka 13 kusiyana kumeneku si kwamasewera. Onjezerani kuti ana satha msinkhu nthawi imodzi: atsikana ambiri amatalika mofulumira cha pa zaka 12, anyamata cha pa zaka 14, koma wina amatsogola ndi zaka ziwiri, wina amachedwa ndi zaka ziwiri. Osankha akangoyang'ana nthawi yomalizira, amakhala akusankha amene thupi lakula msanga, n'kusiya kamwana kochepa thupi kamene kamawerenga mapu bwino kuposa onsewo. Nthawi yotalika mofulumirayo imabweranso ndi ululu wa pansi pa bondo wotchedwa Osgood-Schlatter ndi wa pachidendene wotchedwa Sever, ndipo atsikana ambiri liwiro limaima kapena kutsika kwa kanthawi thupi likamasintha. Timu imene imachotsa mwana chaka chimenecho imamuchotsa pa nthawi imene akufunika kulimbikitsidwa kwambiri.

Si kuti opambana ali aang'ono samapitirira. Simona Aebersold wa ku Switzerland anakolola mendulo za golide zisanu ndi zinayi pa JWOC, ndipo mu 2023 anakhala katswiri wa dziko lonse pa mtunda wautali. Kasper Fosser wa ku Norway anatenga siliva pa mpikisano wa akuluakulu mu 2019 akadali m'gulu la achinyamata, golide n'kubwera mu 2021. Koma awa timawaona chifukwa anafika. Amene anauzidwa pa zaka 14 kuti sanasankhidwe n'kusiya masewero, mayina awo sali pa ndandanda uliwonse. Ndiye musanasangalale kuti mwana waitanidwa, funsani ngati khomo la timuyo limatsegukanso chaka chilichonse kwa amene anasiyidwa, ndiponso ngati osankha amayang'ana nthawi za pakati pa mbendera ndi mbendera. Zipangizo za SPORTident ndi Emit, zimene wothamanga amadindira pa mbendera iliyonse, zimasunga nthawi zimenezi, ndipo n'zimene zimaulula amene wapambana ndi miyendo atalakwitsa kawiri ndi amene wathamanga mwaukhondo koma alibe mphamvu.

Kanthu kena kakang'ono kamene kamasokoneza mabanja ambiri: mwana akalowa timu amakhala ndi makochi awiri. Agwirizane poyera kuti wolemba ndondomeko ya sabata ndi ndani. Akapanda kutero mwana womvera amachita zonse ziwiri, n'kuvulala.

Sukulu yamasewero

Sweden ili ndi masekondale amene orienteering ili pa ndondomeko ya maphunziro, monga a ku Eksjö ndi ku Sandviken. Wachinyamata amalowa cha pa zaka 16, nthawi zambiri atachoka pakhomo pa makolo, ndipo amachita pulakatisi mkati mwa nthawi ya sukulu ndi makochi olembedwa ntchito, nkhalango zojambulidwa zili pafupi. Musasokoneze izi ndi zimene a ku Switzerland anachita ndi ntchito yawo ya sCOOL, yojambula mapu a mabwalo a sukulu wamba, imene mu 2003 inathamangitsa ana oposa 200,000 tsiku limodzi. Iyo ndi yokokera ana ambiri ku masewero. Sukulu za ku Sweden ndi zonolera ochepa amene asankha kale.

Papepala njira iyi ikuposa zonse. Mapu ndi ambiri, anzake omufinya ali nawo m'kalasi momwe, wounika zolakwika alipo tsiku lililonse, ndipo mkangano wa pakati pa mayeso ndi mpikisano umachepa chifukwa aphunzitsi akudziwa kumene mwana ali. Kwa wachinyamata wokhwima maganizo amene wapempha yekha kupita, ndilibe chotsutsa.

Koma zoopsa zake n'zolemera kuposa za njira zina. Mwana amene kwawo ankathamanga katatu pasabata amapezeka pakati pa anzake othamanga kasanu ndi kawiri, ndipo safuna kuoneka wofooka. Pulakatisi imene imayenera kukhala yopepuka imasanduka mpikisano. Mafupa a m'miyendo sakula msanga ngati mtima ndi mapapo, ndiye ming'alu ya m'mafupa imabwera chaka choyamba chomwe. Kudya nakonso kumasokonekera mwana akakhala kutali ndi makolo, makamaka pagulu limene wina wayamba kunena kuti wopepuka ndiye wothamanga. Komiti ya Olympic ya dziko lonse inalongosola vuto limeneli mu 2014 ndi dzina lakuti RED-S: thupi likulandira mphamvu zochepa kuposa zimene likugwiritsa ntchito, msambo umasiya, mafupa amafooka, matenda sachoka. Limagwira anyamata omwe. Mtsikana wothamanga akasiya kusamba kwa miyezi ingapo, si chizindikiro chakuti ali pa fomu, ndi nkhani ya dokotala.

Masewerowa alinso ndi chilonda chawochawo pa nkhani ya matenda. Pakati pa 1979 ndi 1992, achinyamata 16 ochita orienteering ku Sweden anamwalira mwadzidzidzi ndi vuto la mtima, ndipo ambiri anapezeka ndi kutupa kwa mnofu wa mtima. Kuchokera nthawi imeneyo lamulo lakuti wodwala sathamanga linalimba kwambiri kumeneko. Kutentha thupi, zilonda zapakhosi, kuphwanya m'thupi: mwana apume mpaka achire. Pakhomo kholo limaona maso a mwana m'mawa. Kusukulu yogonera komweko muyenera kufunsa kuti amene ali ndi mphamvu youza mwana kuti lero sutuluka ndani, komanso ngati ana amamuopa kapena amamuuza zoona.

Athamange kaye, mapu adzabwera

Awa ndi maganizo amene amakopa makolo ambiri, ndipo ali ndi mfundo. Pamwamba penipeni aliyense amadziwa kuwerenga mapu, ndiye wosiyanitsa amakhala liwiro. Kuonjezera apo, mpikisano wa sprint, wochitikira m'matauni ndi m'mapaki pa mapu a 1:4000 (sentimita imodzi pa mapu ikuimira mamita 40 pansi), umatha m'mphindi 12 mpaka 15, ndipo wopanda liwiro la wothamanga wa pabwalo alibe mwayi. Kuyambira 2019 bungwe loyendetsa orienteering pa dziko lonse, IOF, linagawa mpikisano wa dziko lonse kuti chaka china ukhale wa m'nkhalango, china wa sprint, moti wachinyamata wa dziko losowa nkhalango zojambulidwa angathe kumanga tsogolo lonse pa sprint. Tim Robertson wa ku New Zealand anapambana sprint pa JWOC zaka ziwiri zotsatana, 2014 ndi 2015.

Ndikuvomereza theka la mfundoyi. Kuyambira zaka 14 kapena 15, kuthamanga kamodzi kapena kawiri pasabata ndi gulu la othamanga enieni n'kwabwino kwambiri. Makochi a orienteering ambiri ndi akatswiri a mapu, koma za kathamangidwe amangoyerekeza, ndipo mwana amene amatsogola mu kalabu yake amapindula kukhala wa nambala 10 pagulu lina.

Theka linalo ndikulikana. Kuchedwetsa mapu n'kutaya zaka zimene mwana ali ndi ufulu wosochera popanda womuwerengera. Wothamanga wa zaka 18 amene akuyamba mapu ali ndi vuto lachilendo: miyendo yake imathamanga kuposa maso. Amadutsa mamita 200 pa nthawi imene mutu wake wawerenga mamita 100, ndipo akalakwa amalakwa kutali. Kuti aphunzire ayenera kuyenda pang'onopang'ono kumbuyo kwa ana amene angawasiye pamsewu ndi mwendo umodzi, ndipo ndi ochepa amene mtima umawalola. Komanso kuthamanga pathengo si kuthamanga pabwalo. Phazi limatera pa muzu, pa mwala woterera, m'matope. Bondo liyenera kukwera pamwamba pa zitsamba. Maso akhale pa mapu masekondi awiri mapazi akudziyendera okha. Mphamvu imeneyi imapezeka pathengo pokha.

Kuchita masewero angapo n'kosiyana ndi kuchedwetsa mapu, ndipo kumeneko ndikugwirizana nako ndi mtima wonse. Jean Côté, katswiri wa ku Canada wofufuza za kakulidwe ka ochita masewero, anagawa zaka motere: kulawa masewero osiyanasiyana pa zaka 6 mpaka 12, kuchepetsa pa zaka 13 mpaka 15, kudzipereka pa amodzi kuyambira zaka 16. Tove Alexandersson wa ku Sweden sanasiye n'komwe kusakaniza: wakhala katswiri wa dziko lonse pa orienteering yothamanga, orienteering ya pa ski (timatabwa tatitali totsetserekera pa chipale chofewa), kuthamanga m'mapiri ataliatali, ndi kukwera mapiri pa ski. Iye ndi munthu wapadera, inde, koma akuonetsa kuti masewero ena sadya luso la mapu bola mapuwo asachoke m'manja.

Kholo, kompyuta ndi wotchi ya GPS

Kumene kulibe kalabu yamphamvu, mabanja ena amadzichitira okha, ndipo masiku ano n'zotheka kuposa kale. Wotchi ya GPS imajambula pamene mwana wadutsa, mapulogalamu monga Livelox ndi RouteGadget amaika mzerewo pa mapu pambali pa mizere ya anzake, mipikisano ikuluikulu imaonetsa pa intaneti mmene akatswiri anadutsira, ndipo ndi OpenOrienteering Mapper wachinyamata angathe kujambula yekha mapu a paki ya pafupi. Kujambula mapu, kunena zoona, kumaphunzitsa mizere ya bulawuni kuposa phunziro lina lililonse. Gueorgiou mwiniwake anakulira m'manja mwa bambo ake amene anali kochi.

Malire ake ndi akuti GPS imaonetsa pamene mwana anapatuka, koma siinena chifukwa chake. Kodi anatopa, anaona munthu, kapena anawerenga chigwa ngati phiri? Yankho lili m'mutu mwa mwana, ndipo amaliulula kwa munthu amene sakumuopa kukhumudwitsa. Makolo ochepa okha ndi amene angathe kufunsa za mphindi zinayi zotayika pa mbendera yachisanu popanda nkhope kusintha. Ndikuiona njira iyi ngati chowonjezera pa zinazo, osati cholowa m'malo mwake.

Kusamukira kumene kuli nkhalango

Pomaliza pali chisankho chimene chimadikira achinyamata a mayiko ang'onoang'ono pa masewerowa akamaliza sekondale: kupita ku Scandinavia. Makalabu monga Halden SK ku Norway, OK Linné ndi IFK Göteborg ku Sweden akhala akulandira othamanga akunja kwa zaka zambiri, ndipo Gueorgiou ankathamangira Kalevan Rasti ya ku Finland pa mipikisano yopatsirana. Kumeneko pulakatisi ya Lachiwiri madzulo ili ndi anthu amene kwina angakhale timu ya dziko.

Si lamulo kuti wobadwira kutali ndi Scandinavia sangapambane ali wachinyamata. Hanny Allston wa ku Australia anapambana mtunda wautali pa JWOC mu 2006, chaka chomwecho n'kupambananso sprint pa mpikisano wa akuluakulu ku Denmark. Matt Ogden wa ku New Zealand anatenga golide pa mtunda wapakati pa JWOC mu 2012. Koma amene akufuna kukhalitsa pamwamba m'mipikisano ya m'nkhalango amafika poti mapu a dziko lake onse wawamaliza, ndipo pamenepo kusamuka kumakhala ndi nzeru.

Nthawi yake ndi imene ndikuikira kumbuyo: zaka 18 kapena 19 kupita m'tsogolo, osati mwana akadali kusekondale, ndipo pakhale maphunziro kapena ntchito yomupatsa moyo wina kunja kwa nkhalango, chifukwa wovulala ali kudziko lachilendo m'nyengo yachisanu yamdima amasungulumwa koopsa. Alawe kaye. O-Ringen, mpikisano wa masiku asanu umene umachitika ku Sweden mu July kuyambira 1965, uli ndi magulu a misinkhu yonse. Akawonjezera masabata awiri kapena atatu akuchita pulakatisi ndi kalabu imene akuiganizira, amadziwa ngati moyo umenewo angauthe.

Ndipo auzidwiretu za khoma limene likumudikira pa zaka 21, kaya wasamuka kaya ayi. M'gulu la akuluakulu mtunda wautali umatenga pafupifupi mphindi 90 kwa wopambana, pa mapu a 1:15000 a tizilembo ting'onoting'ono, ndipo opikisana naye ena ali ndi zaka khumi za mapu kuposa iye. Amene anazolowera kuima pa nsanja amapezeka pa nambala 40. Kochi ndi wothamanga agwirizane chaka chimenecho chisanayambe kuti kwa nyengo ziwiri zoyamba sawerenga nambala imene wamalizira. Aziwerenga mphindi zimene zatayika pa zolakwika mpikisano uliwonse, ndi mmene liwiro lake pa kilomita likuyandikirira la wopambana m'zigawo zimene wathamanga popanda kusochera.